Kugula nyumba ku Joni si kutchona

Tsiku lomwe amalume adaimba foni kuchokera ku Johannesburg kudziwitsa mbumba yawo kuti akufuna kugula fulati yomwe akhala akuchita lendi ku Yeoville, pakhonde pathu ku Dedza padangoti zii ngati pamaliro. Agogo adapukusa mutu nati, "Basi, mwana wanga watchona," kenaka adalowa m'nyumba. Amayi anga, omwe ndi mlongo wawo wa amalumewo, adayamba kudandaula za njerwa zomwe zidawotchedwa zaka zitatu zapitazo ndipo pano zikungomera udzu kuseri kwa nkhokwe. Pa anthu onse omwe adali pakhondepo, ndine ndekha amene ndidaionapo fulatiyo ndi maso, koma mwana sayankha nkhani za akuluakulu asadafunsidwe, choncho ndidangokhala duu. Zomwe ndidalephera kunena tsiku limenelo ndizo ndalemba muno. Maganizo anga ndi akuti amalume sakulakwa, ndiponso kuti Mmalawi aliyense amene wakhazikika kunja motsata malamulo ayenera kuganizira zogula nyumba kumene amagonako, malinga ngati watsegula maso asadasaine pepala lililonse.

Ndiyambe ndi mawu omwe agogo adagwiritsa ntchito, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepo. M'Chichewa, kutchona ndi kupita kunja kukagwira ntchito osabwereranso, ndipo anthu otere timawatcha matchona. Mawuwa amamveka mofanana ndi mawu a Chizulu akuti ukushona, omwe amanenedwa dzuwa likamalowa, chinthu chikamamira m'madzi, ngakhalenso munthu akamwalira. Agogo adakula m'nthawi ya Wenela, bungwe lomwe linkalemba amuna a kuno kukagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa, ndipo dzina lake lidatsalira pa depoti ya mabasi mumzinda wa Blantyre. M'chaka cha 1974 ndege ya bungweli idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi, ndipo Dr Kamuzu Banda adayamba waletsa maulendowa. Adayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, n'kudzatha mu 1988.

Chofunika kudziwa ndi chakuti dongosolo la nthawi imeneyo lidakonzedwa dala kuti munthu wakuda wochokera kunja asakhale ndi khomo lake kumeneko. Ankagona m'komponi ya amuna okhaokha, mkazi ndi ana ankatsala kumudzi, ndipo gawo lina la malipiro ake ankadzalandirira kuno kontirakiti ikatha. Amene sadabwerere ndiye kuti adathawa, mwina adasintha dzina, n'kuiwala abale. N'chifukwa chake chiyankhulo chathu chidangokonza malo a anthu awiri okha, wobwerera ndi njinga ndi wailesi, ndi wotchona. Munthu wachitatu, amene amakhala ku Joni ndi banja lake koma maliro a kumudzi sajomba, tilibe dzina lomutchulira, ndipo tikasowa dzina timangomuponyera m'gulu la matchona. Amalume ndi munthu wachitatuyo. Akhala ku Johannesburg zaka 17, amagwira ntchito yowotcherera zitsulo, ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, ndipo ana awo awiri adabadwira konko. Feteleza wa agogo amagula ndi iwo, ndipo gawo la fizi yanga limachokera m'thumba lomwelo. Tchona satero.

Ndidapita kukawaona pa tchuthi cha Khirisimasi chaka chatha, pa basi yodzera pachipata cha Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ulendo wa masiku awiri wotupitsa mapazi. Yeoville ili kum'mawa kwa Hillbrow ndi Berea, pamtunda poti ukaima umaona nsanja ya Hillbrow ndi chinyumba chobulungira cha Ponte, chomwe chidamalizidwa mu 1975 ndipo chili ndi nsanjika zoposa 50. Derali lidakhazikitsidwa mu 1890, patangopita zaka zinayi golide atapezeka, choncho ndi limodzi mwa madera akale kwambiri mumzindawo. Kwa nthawi yaitali kunkakhala azungu, ambiri a iwo Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linkaletsa anthu akuda, amwenye ndi makaladi kukhala m'madera otere, koma kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anthu adayamba kuliphwanya mwakachetechete, makamaka ku Hillbrow, pochita lendi mafulati m'dzina la mzungu. Pamene lamuloli linkathetsedwa mu 1991, msewu wa Rockey udali utatchuka kale ngati malo omwe mitundu yonse inkakumana usiku kumvera nyimbo.

M'mawa wina ndidatenga kope n'kuyenda kuchokera pageti la mdadada wa amalume kukafika pamsika wa pamsewu wa Rockey, ndikulemba chiyankhulo chilichonse chomwe ndidachimva kapena kuchiwerenga pa zikwangwani. Ndidalemba Chizulu, Chisotho, Chingerezi, Chifalansa ndi Chilingala cha anthu a ku Congo, Chishona ndi Chindebele cha a ku Zimbabwe, Chiigbo, Chiswahili, Chipwitikizi, ndi zilembo za Chiamhariki pakhomo la lesitilanti ina. Chichewa ndi Chiyao ndidazimva pa atelala omwe ankasoka pakhonde la sitolo. Mumsikamo mudali chigwada, chomwe a ku Congo amachitcha pondu, nsomba zouma ndi mafuta ofiira ophikira. Ana a pamasitepe ankawaitana amalume kuti "malume", ine n'kumaganiza kuti aphunzira Chichewa, kufikira nditakumbukira kuti mawuwo ndi a Chizulu, ndipo kwathu adafika ndi Angoni omwe adachoka kumwera m'zaka za m'ma 1800. Agogo, omwe ndi Mchewa weniweni, akamanena za amalume kwa ife amati "atsibweni anu". Ngakhale dzina lomwe timawaitanira lidachokera komwe agogo akuti mwana wawo wasochererako.

Mdadada womwe amalume amakhalamo ndi wa nsanjika zinayi ndipo uli ndi mafulati 24. Udamangidwa iwo asadabadwe. Zipupa zake ndi zokhuthala kotero kuti phokoso la oyandikana nawo silimveka msanga, siling'i ndi yaitali, mawindo ndi aakulu, ndipo pansi adayalapo timatabwa tolumikizana tomwe azakhali amatipukuta mpaka kuoneramo nkhope. Muli zipinda ziwiri zogona, balaza lalikulu ndi kakhonde koyanikapo zovala. Ndidaonanso mafulati atsopano omwe amamangidwa kunja kwa mzinda, ndipo zipinda zake n'zoti ukaika bedi malo atha, mtengo wake ndi wokwera kwambiri, komanso munthu amayenera kukwera minibasi ziwiri kuti akafike kuntchito. Ana a amalume amayenda pansi popita kusukulu. Komabe sindibisa zoipa zake. Chikepe chidasiya kuyenda, mapaipi achitsulo adachita dzimbiri moti m'mawa madzi amayamba atuluka ofiira, ndipo okhala pamwamba penipeni amatchera mabeseni mvula ikamagwa.

Mfundo yanga yoyamba ndi ya masamu. Amalume alipira lendi pafulati imeneyi kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pa ndalama zonsezo alibe ngakhale chogwirira cha chitseko choti anganene kuti ndi chawo. Mwini wake ndi mayi wina wokalamba amene adasamukira kwa ana ake, ndipo watsimikiza zogulitsa. Akagula munthu wina, amalume angathe kuuzidwa kuti asamuke mgwirizano wa lendi ukangotha, ana ali pakati pa chaka cha sukulu. Usiku wina tidakhala patebulo n'kuwerengera. Ndalama yobweza kubanki pamwezi, kuphatikiza yothandizira kusamala mdadada ndi msonkho wa khonsolo, idaposa lendi yomwe amalipira pano, koma osati kwambiri. Kusiyana kwake ndi kwakuti lendi ilibe mapeto, pamene ngongole ya nyumba, yomwe kawirikawiri imakhala ya zaka 20, imatha. Ndi zoona kuti chiwongoladzanja cha banki chimakwera nthawi zina, ndipo wogula ayenera kusiya mpata m'thumba pokonzekera zimenezo. Koma nayonso lendi imakwera chaka ndi chaka popanda woifunsa.

Apa ndi pomwe ndiyenera kuchenjeza, chifukwa kugula fulati n'kosiyana ndi kugula nyumba momwe timadziwira kwathu. Kuno ukagula nyumba umagula ndi bwalo lake, chimbudzi chake ndi mtengo wa mango uli kuseri, ndipo denga likadontha mlandu ndi wako wekha. Ku South Africa mafulati amagulitsidwa pansi pa lamulo la Sectional Titles Act, lomwe lidayamba mu 1971 ndipo lidalembedwanso mu 1986. Wogula amakhala mwini wa m'kati mwa fulati yake, kuwonjezera gawo la zinthu zomwe onse amagwiritsa ntchito, monga denga, masitepe, chikepe ndi malo omwe mdadadawo udaimapo. Tsiku lomwe dzina lake lalembedwa, amasanduka membala wa bungwe la eni ake lotchedwa body corporate, afune asafune. Bungweli limasankha matrasti oyendetsa zinthu, ndipo mwini aliyense amalipira ndalama ya pamwezi yotchedwa levy molingana ndi kukula kwa fulati yake. Ndalamayi ndiyo imalipira inshulansi, mlonda, wosesa ndi zokonzakonza. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo kumeneko mwambiwu adaulemba m'malamulo.

Tanthauzo lake ndi lakuti wogula fulati amagulanso khalidwe la anthu ena 23 omwe sadawasankhe. Mdadada umafa pang'onopang'ono, ndipo imfa yake imayambira m'buku la ndalama. Eni ake angapo akasiya kulipira levy, bungwe limalephera kulipira madzi ndi magetsi kukhonsolo. Khonsolo ikadula, olipira mokhulupirika aja amaona kuti akulipirira mdima, nawonso amasiya. Mlonda amachoka, zinyalala zimaunjikana m'masitepe. Eni omwe angathe amasamuka n'kusiya alendi, ndipo pofuna kuti ndalama ikwane, fulati ya banja limodzi imagawidwa ndi makatani n'kulowamo mabanja anayi, mapaipi okalamba aja n'kuphulika. Mabanki akaona choncho amakana kubwereketsa ndalama zogulira nyumba m'dera lonselo, monga adachitira pakati pa mzinda wa Johannesburg m'zaka za m'ma 1990, ndiye wofuna kugulitsa amasowa womugula. Pamapeto pake pamafika anthu achiwembu omwe amalanda mdadada wonse n'kumatolera lendi, mwini chikalata ali kunja kwa geti.

Pa 31 Ogasiti 2023 moto udabuka m'nyumba ya Usindiso pamsewu wa Albert ku Marshalltown n'kupha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi. Nyumbayo idali ya khonsolo ya mzinda, ndipo idali italandidwa, m'kati mwake mutamangidwa tizisakasa ta matabwa. Komiti yofufuza yomwe adaitsogolera Justice Sisi Khampepe idapeza mu 2024 kuti khonsoloyo idalekerera malamulo ake omwe oteteza anthu. Ndatchula ngoziyi chifukwa amayi anga adaimva pawailesi, ndipo mpaka lero akamva za nyumba yakale ku Joni amaona moto umenewo. Mantha awo ndi omveka. Koma phunziro lomwe ine ndimatolapo ndi lakuti nyumba imasanduka msampha ikasowa mwini woisamala. Anthu omwe adafera mu Usindiso ankalipira lendi kwa anthu osakhala eni ake, ndipo adalibe koti n'kukadandaula. Mdadada womwe eni ake amagona momwemo, ana awo n'kumasewera m'masitepe omwewo, ndiwo umakhala ndi munthu wodzuka usiku akamva fungo la waya wopsa.

Choncho wofuna kugula asayambe ndi kusirira penti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo la Sectional Titles Schemes Management Act la 2011, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2016, limalamula bungwe la eni ake kukhala ndi thumba lapadera la ndalama zokonzera nyumba komanso ndondomeko ya zokonza ya zaka 10. Wogula apemphe kuona zimenezi, pamodzi ndi malipoti a zachuma ounikidwa ndi akatswiri, zolembedwa za misonkhano ya pachaka, bilu ya kukhonsolo ndi umboni wa inshulansi. Afunsenso ngati pali levy yapadera yomwe ikukonzedwa, poti chikepe chatsopano kapena denga latsopano zimagwera aliyense amene ali mwini panthawiyo. Lamulo sililola kusintha umwini popanda chikalata chosonyeza kuti wogulitsa alibe ngongole ya levy, koma chikalatacho chimanena za fulati imodzi yokha, za oyandikana nawo sichinena kanthu.

Pali mawu amodzi omwe ndidawaphunzira m'pepala la mgwirizano, akuti voetstoots, ochokera ku Chidatchi ndi Chiafrikaans. Amatanthauza kuti chinthu wachigula momwe chilili, ndi zilema zake zomwe. Kuyambira mu 2022 lamulo limafuna kuti wogulitsa kudzera mwa ejenti alembe zilema zomwe akuzidziwa, ndipo pamafunikanso chikalata chotsimikiza kuti mawaya a magetsi ali bwino. Izi zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa pulambala amene wamulipira wekha kuti akayang'ane mapaipi. Ndalama ya chikole isaperekedwe m'manja mwa munthu. Imayenera kulowa mu akaunti yapadera ya loya kapena ya ejenti wovomerezeka, ndipo fulati imakhala yako pokhapokha dzina lako litalembedwa ku Deeds Office. Wogula asaiwalenso kuti malipiro a loya wosintha umwini amachokera m'thumba mwake, pamwamba pa mtengo wa nyumba.

Amalume adachita zonsezi, ngakhale ejenti wa mayi uja ankangoti mapepala abwera mawa, mawa lake osafika. Iwo adakana kusaina kufikira atawaona, poti safunsa adadya phula. Mapepalawo atabwera tidawawerenga limodzi, ine ndikumasulira Chingerezi cha maloya chomwe chimazunguza mutu ngakhale wophunzira. Tidapeza kuti eni asanu ali m'mbuyo ndi levy, awiri mwa iwo atatengeredwa kale kwa maloya. Bilu ya kukhonsolo idali yolipiridwa, inshulansi idalipo, koma thumba la zokonzera lidali lochepa ndipo levy yapadera ya denga idali itavomerezedwa. Chomwe chidawalimbitsa mtima ndi chakuti eni ake oposa theka amagona mumdadada momwemo. Amalume adapempha kuti mtengo utsike molingana ndi ndalama ya dengayo, ndipo mayi uja adavomera. Zaka zomwe akhala alendi zidawapindulira apa, chifukwa akudziwa mdadadawo usiku, m'nyengo ya mvula, ndiponso kumapeto a mwezi pomwe anthu amaledzera, zinthu zomwe wobwera kudzaona masana sangazione.

Ena amanena kuti dera la mitundu yambiri ndi lovuta chifukwa anthu samvana. Ndidakhala nawo pamsonkhano wa onse okhala mumdadadamo, womwe udaitanidwa pa nkhani ya madzi. Wapampando adali mayi wina wopuma pa uphunzitsi, Msotho. Ankayankhula Chingerezi, mnyamata wina n'kumamasulira m'Chifalansa, ndipo mkangano ukafika povuta aliyense ankathawira ku Chizulu chomwe amachidziwa. Madandaulo adalipo. Wina adadandaula za fungo la nsomba zouma, wina za mapemphero ochezera usiku, winanso za ana osewera mpira m'khonde. Koma nditayang'anitsitsa ndidaona kuti malire enieni m'chipindamo adali pakati pa olipira ndi osalipira, ndipo mbali zonse ziwiri zidali ndi eni dziko ndi obwera omwe. Bambo wa ku Congo ndi mayi Msotho uja adali kumbali imodzi, akukakamiza kuti denga likonzedwe mvula isadathe nyumba. Mkangano wa mtundu umenewu ndidauonapo kwathu pa komiti ya mjigo, pomwe tonse ndife Achewa ndipo timamvana liwu lililonse.

Chifukwa chachikulu chomwe otsutsa angapereke ndi nkhanza zochitira anthu obwera. Mu Meyi 2008 zipolowe zomwe zidayambira ku Alexandra zidafalikira m'madera ambiri n'kupha anthu 62. Mu Epulo 2015 zidabukanso ku Durban, ndipo boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Mu Seputembala 2019 masitolo a anthu obwera adaphwanyidwa mu Johannesburg momwemo. Amayi anga amafunsa kuti, "Nanga akadzakuthamangitsani, fulatiyo mudzaisenza pamutu?" Funsoli ndi lolemera, ndipo sindinama kuti chikalata cha umwini chingatchinge mwala. Mlendi akafuna kuthawa amangomanga chikwama, pamene mwini nyumba amasiya chuma cha moyo wake wonse m'mbuyo. Umenewu ndi mtengo weniweni wa kugula, ndipo aliyense auwerengere.

Komabe fulati yolembedwa m'kaundula wa boma simatha chifukwa mwini wake wachoka. Angathe kuikamo mlendi kapena kuigulitsa ali kuno, pamene lendi ya zaka 17 palibe amene angaibweze. Ndiponso chitetezo chomwe ndidachiona ndi maso chidali cha anthu odziwana. Mayi Msotho uja amadziwa mayina a ana a amalume, ndipo geti lomwe lili pakhomo lake adawotcherera ndi amalumewo osalandira kanthu. Tidaphunzitsidwa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo Amalawi ambiri kunja amakhala motero, osagula mpando wabwino, osalowa komiti iliyonse, akuyembekezera tsiku lobwerera lomwe limangosunthira m'tsogolo. Munthu amene wakhala pamalo zaka 17 n'kuberekerapo ana adasiya kale kukhala mame, ndipo kupitiriza kudziyesa mame kumangomumana mawu pa zinthu zokhudza denga lomwe ana ake amagonamo. Mlendi savota pamsonkhano wa eni ake, ngakhale madzi atamudonthera pabedi.

Tsopano ndifike pa njerwa za kuseri kwa nkhokwe. Abale anga akuti ndalamazo zibwere kuno amange nyumba ya malata. Amalume adayesapo. Kawiri konse adatumiza ndalama za malata, koyamba zidathera kuchipatala, kachiwiri pamaliro, ndipo palibe amene adaba, mavuto ndiwo adafika msanga kuposa mmisiri. Zomwe zidasungidwa kubanki zidafooka pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti n'kukwera mtengo. Koma palinso nkhani ina yomwe pakhonde paja palibe adaitchula. Kwathu ana ndi a kuchikazi. Nyumba yomangidwa pamalo a mbumba ya agogo idzatsalira ife ana a mlongo wawo, pamene ana awo enieni, omwe mayi wawo ndi wa ku Ntcheu, adzauzidwa kuti kwawo ndi kwina. Kunena mosabisa, woyamba kupindula ndi nyumba ya kumudziyo ndikadakhala ine. Mwina n'chifukwa chake ndili ndi ufulu wonena kuti si chilungamo kuti munthu awotche maso ndi moto wa zitsulo zaka zonsezi kumangira ine nyumba, ana ake akugona m'nyumba ya eni.

Pa chifukwa chomwecho, ndidawapempha amalume kuti tsiku logula fulati likhalenso tsiku lolemba wilo. Kuno kwathu lamulo la 2011 la chuma cha masiye lidaika kulanda katundu wa amasiye m'gulu la milandu, koma tonse tikudziwa zomwe zimachitika pamaliro a munthu amene ankagwira ntchito kunja. Fulati ya ku Yeoville idzagawidwa potsata malamulo a ku South Africa, ndipo pepala lolembedwa bwino lidzapulumutsa azakhali ku mikangano ya m'mayiko awiri. Adaseka n'kundifunsa ngati kusukulu amatiphunzitsa kulodza amalume athu, koma m'mawa mwake adafunsa loya mtengo wake.

Sindikunena kuti aliyense ali ku Joni athamangire kugula. Amalawi amaloledwa kulowa m'dzikomo kwa masiku 30 popanda viza, ndipo ambiri amapitirira masikuwo n'kumakhala mobisala. Munthu wotere asayerekeze. Akhoza kugwidwa tsiku lililonse, banki singamubwereke, ndipo ndiye amene achiwembu amamugulitsa chipinda m'nyumba yolandidwa, ndi risiti yolembedwa pamanja. Asayerekezenso kugula m'dzina la mnzake wokhala ndi mapepala, chifukwa pamaso pa lamulo nyumba ndi ya amene dzina lake lalembedwa. Malamulo a dzikolo amalola nzika za mayiko ena kugula nyumba, koma amene sakhala m'dzikomo mabanki amamubwereka pafupifupi theka lokha la mtengo. Mawu anga akupita kwa iwo omwe ali ndi mapepala, ntchito yokhazikika ndi banja kumeneko, omwe akudziwa mumtima kuti sabwerera chaka chino kapena chamawa.

M'kalasi tidawerenga buku la Phaswane Mpe lotchedwa Welcome to Our Hillbrow, lomwe lidatuluka mu 2001. Limaonetsa momwe anthu a kumudzi wa Tiragalong ankaweruzira moyo wa mumzinda potengera mphekesera, ndi momwe obwera ankanyozedwera ndi dzina lakuti makwerekwere, lomwe akuti limatsanzira kamvekedwe ka ziyankhulo zachilendo m'makutu mwa eni dziko. Nditakhala pakhonde paja ndidazindikira kuti amalume apanikizika pakati pa mayina awiri. Kumeneko ena amawatcha kwerekwere, kutanthauza kuti si a kumeneko, ndipo kuno tikuwatcha tchona, kutanthauza kuti salinso a kuno. Dzina loyambalo sitingalichotse ife, koma lachiwirili lili m'kamwa mwathu, ndipo tingathe kulisiya.

Agogo adzandiyankha kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo sindidzawatsutsa. Ndidzangowakumbutsa mwaulemu kuti kwa adzukulu awo awiri aja, kwawo ndi masitepe a ku Yeoville komwe adaphunzirira kuyenda, ndipo nawonso akufunika pogona poti palibe adzawatulutse. Njerwa zija zisatayidwe. Ndi zokwanira nyumba ya zipinda ziwiri yoti agogo azigonamo, amalume n'kumafikiramo akabwera, ndipo ife ana a mbumba tikayamba ntchito tidzagule malata ake, poti nafenso manja tili nawo. Pamene ndikulemba izi amalume akudikira yankho la kubanki. Likabwera lovomera, ndawalonjeza kuti nkhaniyi ndikaiwerenga pakhonde pomwe paja, amayi ndi agogo ali pomwepo, ndikatha kupempha kaye chilolezo choyankhula.